Mawu a M'mawa: Nanga Adzagona M'chiyani?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu lero achokera pa Eksodo 22:26-27, ndipo tikambirana za kusokera ana odwala ndi osowa zofunda za zigamba.

Pamenepa Mulungu akupereka lamulo la ngongole. Mmphawi wakongola kanthu, ndipo poti alibe china, wasiya chovala chake ngati chikole. Lamulo likuti wokongozayo abweze chovalacho dzuwa lisanalowe, chifukwa ndicho chofunda chokhacho chimene mnzakeyo ali nacho. Kenaka pakubwera funso lakuti nanga adzagona m'chiyani, ndipo Mulungu akuwonjezera kuti munthuyo akadzamulirira, Iye adzamva. Pa Deuteronomo 24:12-13 lamuloli labwerezedwanso. Onani kuti ngongoleyo sinafafanizidwe, mawa ikhalapobe. Chimene Mulungu wakana n'chakuti munthu agone akunjenjemera usiku uno.

Ife a mu Blantyre funso limeneli timalidziwa bwino mwezi wa Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta Soche ndi Ndirande, kamvula kowaza kosaleka, zochapa osauma. Wamkulu wathanzi amangodzipinda n'kupirira. Mwana wodwala sangatero. Khanda lobadwa masiku asanakwane, kapena lolemera zosafika makilogalamu 2.5, lilibe mafuta okwanira osunga kutentha. Thupi lake liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, ndipo likatsika pamenepo achipatala amadziwa kuti pali ngozi. Mwana wonyentchera nayenso amazizidwa msanga, ngakhale m'chipinda chimene ena akumva bwino. Ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth, kumafika ana ochokera m'maboma osiyanasiyana a kuno kum'mwera: makanda a ku wodi ya Chatinkha, onyentchera a ku wodi ya Moyo, a khansa, ndi ochitidwa opaleshoni ku Mercy James, komwe kunatsegulidwa mu 2017. Wotumizidwa kuchokera ku Nsanje kapena Chikwawa wachoka kotentha, mwadzidzidzi, mayi ake atangonyamula zitenje ziwiri. Kulinso ana a m'nyumba zosamalira amasiye, ndi a m'mabanja onga aja a ku Chilobwe amene namondwe Freddy anawakokolera zonse mu Malichi 2023.

N'chifukwa chake amayi a Mvano, a Dorika, a Chikatolika, a Mothers' Union, achinyamata ndi abambo atelala amasonkhana kusoka zofunda za zigamba. Koma mtima wabwino pawokha sufunditsa mwana. Chofunda chimene chathothoka misoko pochapa kachiwiri, kapena chimene chatha masiku atatu chisanaume, chamusiya mwanayo pomwe anali. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe: chimene simungafunditse wanu, musachipereke kwa wodwala. Tiyeni tsono tikambe mmene ntchitoyi imayendera.

Poyambira ndi nsalu. Mapisi a kwa atelala a mu Limbe ndi Ndirande, malaya ndi mashiti a pabedi a pa kaunjika, zitenje zotsala m'nyumba, zonsezi n'zabwino bola zikhale za thonje ndiponso zosatamuka. Mukakayika, dulani kachidutswa mukakayatse panja. Thonje limapsa n'kusiya phulusa lofewa, pomwe poliyesita imasungunuka n'kuuma kukhala kachibulu kolimba. Poliyesita simwa thukuta, ndipo m'nyumba zowotha mbaula ikagwira moto imamatirira pakhungu. Nsalu ya matisheti imatamuka n'kukhotetsa mizere. Jini ndi yolimba koma imalemera. Nsalu yakale iyang'aneni padzuwa, ndipo ngati pena paonekera kwambiri kapena ikung'ambika mukaikoka ndi zala, yatha ntchito. Za chipani, zija za nkhope za atsogoleri, zisiyeni kunyumba. Mayi wa mwana asamachite kuganiza kawiri asanayanike chofunda pagulu.

Pa Marko 2:21 Ambuye Yesu anatchula chinthu chimene telala aliyense amachidziwa: chigamba cha nsalu yatsopano yosachapa chikasokedwa pa chovala chakale, chimafupika n'kukoka chakalecho mpaka pong'ambika paja kukula. Ankaphunzitsa za nkhani yaikulu, inde, koma za nsaluzo ndi momwemodi. Chapani nsalu zonse m'madzi otentha musanadule. Madzi otenthawo amafupikitsiratu nsalu yatsopano, amachotsa kuuma kwa chitenje cha m'sitolo, ndiponso amathandiza kupha nsabwe ndi tizilombo ta mphere tobwera ndi zovala zakale. Zofiira ndi zabuluu wakuda muzichape pazokha. Kenaka tikitani nsalu yonyowayo ndi kansalu koyera. Ikapitiriza kusuluka mutachapa katatu, ichotseni, apo ayi idzadetsa chofunda chonse tsiku loyamba kuchapa.

Podula, pangani chitsanzo cha katoni yolimba cha masentimita 12 mbali zonse zinayi. Jambulani ndi pensulo kuseri kwa nsalu, motsata mmene ulusi wa nsaluyo wayendera, chifukwa chigamba chodulidwa mopingasa chimatamuka pa makina. Msoko udye sentimita imodzi mbali iliyonse, ndiye kuti chigamba chimatsala masentimita 10. Zigamba 9 m'lifupi ndi 12 m'litali, zonse pamodzi 108, zimapereka chofunda cha masentimita 90 kwa 120, chokwana mwana woyenda mpaka wa zaka zisanu. Mukaphatikiza mapisi ake, ndi nsalu pafupifupi mita ndi theka. Mwana wamkulupo amafunika zigamba 12 kwa 15, zonse 180, zopereka masentimita 120 kwa 150. Katoni ija imadyeka m'mbali pensulo ikamadutsadutsa, choncho isintheni ikayamba kufumbutuka.

Apa ndi pamene magulu ambiri amaphonya. Anthu akakhala ambiri, aliyense amasoka ndi diso lake. Wina akadyetsa msoko ndi mamilimita awiri okha, chigamba cha uku ndi cha uko zataya mamilimita anayi, ndipo pa misoko 8 ya mzere umodzi mzerewo wafupika ndi masentimita opitirira atatu. Polumikiza mizere ngodya sizikumana, wosokayo amayamba kukoka, chofunda n'kutuluka chopindika. Mankhwala ake ndi osavuta. Matani selotepi pa makina aliwonse, sentimita imodzi kuchokera pa singano, m'mphepete mwa nsalu muziyenda pamenepo. Masitichi akhale a mamilimita awiri kapena awiri ndi theka. Mukatha mzere, sitani misoko yake igonere kumanja, ya mzere wotsatira igonere kumanzere. Ikagonera mbali imodzi yonse, pokumana ngodya pamakhala chibulu chothyola singano, ndipo mwana woonda amachimva panthiti.

Chofunda chili ndi magawo atatu: zigamba pamwamba, chofunditsa pakati, ndi nsalu yapansi. Yapansiyo ndiyo imakhudza khungu, choncho ikhale yofewa kuposa zonse. Pa chofunda cha 90 kwa 120 chija, chitenje chimodzi cha mamita awiri chochapidwa bwino chimakwana. Iyo ndi chapakati muzidule mokulirapo ndi masentimita 5 mbali zonse, kutanthauza 100 kwa 130, chifukwa zimakokeka posoka.

Za chapakati tikhalepo pang'ono, chifukwa chifundo chimatinamiza pamenepa. Timaganiza kuti chochindikala ndiye chabwino. Koma kumbukirani amene adzachape. Ndi mayi kapena agogo oyang'anira wodwala, ndi manja, m'beseni, mwina atagona pansi usiku wonse. Mwana wodwala amasanza, amatsegula m'mimba, amakodza, ndipo chofunda chimachapidwa pafupipafupi. Chochindikala chikanyowa sichifinyika, chiperoni chikagwa sichiuma, chimayamba kununkha chuku, ndipo masiku onsewo mwana alibe chofunda. Ikani faiba yopyapyala ya mpukutu, kapena bulangete lopepuka, kapena mashiti awiri a pabedi a thonje. Siponji ayi, imasunga madzi kenaka n'kufumbutuka. Faiba yomwazika ya m'makhushoni ayinso, imathawira m'ngodya pakati n'kutsala nsalu yokha. Muyeso wake ndi uwu: chikachapidwa m'mawa, madzulo chikhale chitauma.

Yalani yapansi pa thebulo kapena pa mkeka woyera, maluwa ake ayang'ane pansi, muikunge popanda makwinya. Ikani chapakati, kenaka zigamba. Mangani ndi mapini otseka motalikirana chikhatho chimodzi, kuyambira pakati kupita kunja. Posoka magawo atatuwa yambaninso pakati, chifukwa mukayamba m'mbali nsalu yotsala imasonkhana pakati n'kupanga khwinya kuseri. Talikitsani masitichi afike mamilimita atatu, ikani singano nambala 14 kapena 16, ndipo musakoke nsalu, ingoiperekezani. Mizere ya msoko isatalikirane kuposa masentimita 10. Amene alibe makina asoke ndi manja, bola masitichi akhale ang'onoang'ono ndipo mfundo zibisike m'kati. Njira ija yongomanga mfundo za ulusi wa juzi apo ndi apo ndi yachangu, koma si ya ana aang'ono, amazisolola n'kuika m'kamwa.

Mpendero ndiwo umayamba kutha. Dulani timizere ta masentimita 6 m'lifupi, mulumikize tifike mamita anayi ndi theka pa chofunda cha 90 kwa 120, mupinde pawiri kuti m'mphepete mukhale nsalu ziwiri, ndipo musoke ndi makina mbali zonse.

Mabatani, mikanda ndi maliboni zisapezekepo, zimatsamwitsa. Dulani ulusi wonse wolendewera, chifukwa ulusi umodzi ukazungulira kachala ka khanda umatseka magazi mayi asanazindikire chimene mwana akulirira. Mapini awerengeni poika, muwawerengenso pochotsa, kenaka wina amene sanasoke nawo ayendetse chikhatho paliponse, kutsogolo ndi kuseri.

Chapaninso chofunda chomalizidwa ndi sopo wamba wopanda fungo lamphamvu. Ana olandira mankhwala a khansa amachita mseru ndi zonunkhira, ndipo a chifuwa amabanika. Yanikani pa chingwe, osati pa udzu kapena pa dothi, chifukwa ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pa nsalu yonyowa, mphutsizo n'kulowa pakhungu. Sitani mbali zonse ziwiri. Ngati simbi ndi ya makala, samalani phulusa ndi utsi. Longedzani chitauma gwa, chilichonse m'jumbo yakeyake yoyera. Amene ali ndi chimfine kapena akutsokomola apume tsiku lolongedza ndi lokapereka, Mulungu sawerenga kuti anajomba.

Makanda osakwana chaka ndi nkhani ina. Chofunda chokhala ndi chapakati chingathe kuwaphimba kumaso n'kubanika. Asokereni cha nsalu ziwiri zokha za thonje, cha masentimita 70 mbali zonse, cha zigamba zikuluzikulu kuti misoko ichepe. Mwana agone chagada, chofunda chilekeze m'khwapa. Kwa obadwa masiku asanakwane, chofunditsa chenicheni ndi chifuwa cha mayi, khungu kukhudza khungu, njira ija ya kangaroo. Nsalu yanu imapita pamwamba pa onse awiri, osati pakati pawo, ndipo tizipewa toluka n'tofunika kwambiri popeza khanda limataya kutentha kochuluka kumutu. Mwana wotentha thupi sawunjikiridwa zofunda ngakhale akunjenjemera, amenewo ndi malangizo a namwino.

Musanadule n'komwe chigamba choyamba, tumani anthu awiri akaonane ndi namwino wamkulu wa wodi kapena oyang'anira nyumba ya ana. Afunse misinkhu ya ana, chiwerengero cha mabedi, ndi ngati nsalu zochokera kunja zimaloledwa, chifukwa kwa odwala mwakayakaya ndi kwa opsa ndi moto malamulo a ukhondo ndi okhwima. Bwerani ndi zokwanira onse a m'chipindamo. Kusiyana n'kupatsa ana khumi wa khumi ndi mmodzi akuyang'ana, ndi bwino kudikira sabata ina. Chofunda chilichonse chikhale cha mwana mmodzi, apite nacho kwawo, chisayende bedi ndi bedi ndi matenda. Pa ngodya sokanipo kansalu koyera kolembapo dzina la mwanayo, popeza pa chingwe cha pachipatala zinthu zimasokonekera. Dzina la wopereka silifunikapo. Ndipo foni zikhale m'thumba. Mateyu 6:3 akuti dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita, ndipo mayi amene walandira mphatso amavutika kukana mukamupempha kujambula mwana wake ali ndi machubu m'mphuno, ngakhale mtima wake sukufuna. Ngati gulu likufuna chithunzi cha pa Facebook kapena WhatsApp, jambulani zofundazo zili pa thebulo ku tchalitchi.

Ntchitoyi imafulumira mukagawana: ena kuchapa ndi kusita, ena kudula, odziwa makina kusoka, ndipo agogo amene maso afooka asankhe mitundu ndi kuyendetsa chikhatho. Zofunda za Juni zimayambidwa mvula ikamatha, mu Malichi kapena Epulo.

Tipemphere. Atate, kumbukirani ana amene agona m'mawodi usiku wathawu, amayi ndi agogo amene awachezera, ndi anamwino amene akuweruka m'mawa uno. Patsani magulu athu nsalu, ulusi ndi kuleza mtima kophwasula msoko wokhota n'kusokanso. Chiritsani odwala. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.

Mukhale ndi tsiku labwino nonse.