Nambala yanga imayamba ndi A

Moni nonse, kaya mukumvera muli m'minibasi ya ku Ndirande kapena muli pa shifiti ku Leeds. Kuno ku Albuquerque, m'chigawo cha New Mexico ku America, kwangocha kumene, ndangoweruka. Mpweya wa kuno ndi wouma moti milomo imachita kung'ambika, ndiye mukamva ndikumeza madzi pakati pa nkhani, pepani.

Agogo aamuna amene ndimawasamalira usiku tulo timawavuta. Tikawathawa, mankhwala ake ndi filimu ya makauboyi. Usiku wathawu anasankha Cowboys & Aliens, ya mu 2011. Ine ndinati ndi zija tinkaonera m'mavidiyo shoo tili ana, titapanikizana pa benchi, wina akutiuziratu amene afe. Poyamba zinalidi zomwezo. Chaka ndi 1873, fumbi lili koboo, Daniel Craig akudzidzimuka m'chipululu osakumbukira ngakhale dzina lake, pamkono pali chibangili chachitsulo chokana kuvuka. Harrison Ford ndi mwini ng'ombe wankhanza amene tauni yonse imanjenjemera naye. Kenaka usiku kumwamba kwangoti ngwee, zombo zouluka zatsika, zikukola anthu ndi zingwe ngati mmene kauboyi amakolera thole.

Mukudziwa chimene zilombozo zadzera? Golide. Ulendo wonse uja kuchokera ku nyenyezi, kudzakumba migodi m'dziko la eni ake! Ndipo amene akupulumutsa azunguwo pankhondoyo ndi Aapache, anthu omwe azungu omwewo ankawalanda malo zaka zimenezo. Ndinacheuka kuti ndione ngati agogo aimva nthabwalayo. Ayi ndithu, iwo anali kalikiliki kuloza matanthwe oyera pa TV, akuti ndi Plaza Blanca kufupi ndi Abiquiú, kumene ankapita ndi malemu akazi awo. Filimuyi anaijambuladi kuno ku New Mexico.

Koma chimene chinandikhala pamtima ine ndi liwu loti alien, limene mufilimumo likutanthauza zolengedwa zochokera ku nyenyezizo. Kuno liwu limeneli ndi la m'malamulo. Aliyense amene si nzika ya America, malamulo olowera m'dziko amamutchula choncho, ndipo pa mafomu pali malo olembapo Alien Registration Number, nambala yoyamba ndi chilembo A. Yanga ndinailoweza kuposa nambala ya foni ya mayi anga. Ndiye tangoganizani: 2 koloko usiku, ndagwirizira kapu ya madzi kukamwa kwa agogo kuti asatsamwe, pa TV anthu akukuwa kuti ma alien aphedwe. Ndinaseka ndekha mpaka madzi anatayikira pa bulangete. Atandifunsa chondiseketsa, ndinawauza. Anandiyang'anitsitsa, kenaka akuti, "Ndiye golide wanga usandibere," uku akugogoda dzino lawo lakumbuyo.

Anthu a kuno nkhani ya zolengedwa zakumwamba anaisandutsa bizinesi. Chaka chatha ndinapita ku Roswell, ulendo wa maola atatu pa galimoto. Mu 1947 mlimi wina woweta ziweto anatola zidutswa zachilendo kumunda kwake. Asilikali analengeza kuti apeza mbale youluka, pasanathe tsiku n'kusintha mawu kuti linali baluni loyezera nyengo. Mu 1994 anadzanenanso kuti linali baluni la ntchito yachinsinsi yotchedwa Project Mogul, yomvetsera ngati Soviet Union ikuyesa mabomba a nyukiliya. Anthu anakana kumva zimenezo. Lero nyali za mumsewu waukulu anazijambula maso akuluakulu akuda, ndipo McDonald's ya kumeneko anaimanga ngati mbale youluka.

Ndinajambulitsa chithunzi nditakolekera dzanja chidole chobiriwira, n'kutumizira mayi pa WhatsApp, pansi nditalemba kuti ma alien awiri. Anayankha ndi voisi: "Mwanawe, kodi alien ameneyo ndi udindo? Akukwezera malipiro?"

Sindinawayankhebe. Ndikagone kaye, 7 koloko madzulo ndibwereranso kwa agogo, ndipo akuti lero kuli ya John Wayne.