Gitala ya 1949 siimba yokha: zoona zake za solo ya jazi

Musachoke, mverani kaye izi. Mwamva mmene zala zathamangira, kenaka n'kuima pomwe simumayembekezera? Dzulo ndinaika kavidiyo kotere, ka solo ya jazi pa gitala yakale, ndipo mmodzi wa inu analemba kuti, "Ba mudala, amene akuimba apo ndi gitala, munthuyo wangoigwira chabe." Usiku wonse sindinagone nazo. Lero tikambirana zimenezo, koma dinani kaye subscribe ndi kabelu kaja, chifukwa ambiri mumaonera mobisala ngati mwalowa ukwati wa eni.

Zoyambira ndizithamangitsa. Choyamba, nyimbo ya jazi imakhala ndi mutu wake, umene gulu limaimba poyamba ndi pomaliza. Chachiwiri, pansi pa mutuwo pali ma chord (manoti angapo olira pamodzi) amene amazungulira osasintha, nthawi zambiri mabala (timagawo ta kugunda kwa nyimbo) 12 kapena 32. Chachitatu, pakati apo woimba amapeka nyimbo yatsopano pompopompo, pamwamba pa ma chord omwewo, ndipo imeneyo ndiyo solo. Amene munavinapo rumba mukudziwa mmene wa gitala amayendera ikafika sebene. Mzimu wake ndi wofanana, kungoti ma chord a jazi amasintha mofulumira. Basi, sukulu yatha.

Chachinayi, ndipo apa ndikhalitsa, ndi bodza lija loti ukoma wonse uli m'gitala yakale.

Ndisanalitsutse, ndivomere kuti magitala amenewa ndimawakonda mpaka misala. Gitala ya kampani ya Gibson yotchedwa ES-150 inatuluka mu 1936, ndipo ndi imene Charlie Christian wa ku America ankaimba atalowa gulu la Benny Goodman mu 1939. Kale gitala inkangokhala kumbuyo, kusunga kugunda kwa nyimbo, chifukwa malipenga ankaimiza. Christian ataiika pa amplifaya, gitala inayamba kulankhula ngati saxophone. Mnyamatayo anamwalira mu 1942 ali ndi zaka 25 zokha, koma aliyense wobwera pambuyo pake anamwa m'chitsime chake.

Manje mverani izi. ES-175, imene anthu amailota usiku, inatuluka mu 1949 pa mtengo wa madola 175, ndiye kumene kunachokera dzinalo. Thupi lake ndi la timapulanga topyapyala tomatidwa pamodzi. Plywood, abale anga! Inde, ya mtengo wabwino wa maple, osati ya makabati a ku Kalingalinga, koma ndi plywood ndithu. Yosemedwa ndi manja inali L-5, yodula kwambiri. Komabe Joe Pass anatenga ES-175 yomweyo n'kujambula chimbale cha Virtuoso mu 1973, yekhayekha, popanda ng'oma kapena besi. Chala china chikuyendetsa besi, zina zikugwira ma chord, nyimbo ikuyenda pamwamba. Ukamvera ungalumbire kuti ali atatu. Ndiye mundiuze, matsenga ali mu guluu?

Tipite kwa Wes Montgomery wa ku Indianapolis. Masana ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo, usiku n'kumaimba m'makalabu. Piki, kokhwatchira zingwe kaja, anaitaya. Ankakhudza zingwe ndi mnofu wa chala chachikulu kuti asasokoneze anthu ogona, ndipo kulira kofewa kuja, konenepa ngati phala la m'mawa, kunabadwira pamenepo. Mukagula L-5 ngati yake lero, chala chimenecho sichibwera m'bokosi. Chinanso, Wes anayamba ndi kuloweza masolo a Charlie Christian, noti ndi noti, kuchokera pa mbale za galamafoni. Amene mumati kupeka pompopompo ndi kungogunda zilizonse, kapena kuti munthu anachita kukhwimira, mwamva? Mankhwala ake anali kubweza singano pa mbale mpaka itatha.

Ndipo Django Reinhardt! Mu 1928, ali ndi zaka 18, ngolo imene ankakhalamo inapsa, ndipo zala ziwiri za dzanja lamanzere zinapuwala. Masolo ake ankathamanga ndi zala ziwiri zotsalazo. Pofika 1934 anali akutsogolera gulu ku Paris pamodzi ndi Stéphane Grappelli wa vayolini. Gitala yake ya Selmer anthu amaisirira mpaka lero, koma ipatseni ine, wa zala zonse, muone ngati simuthawa.

Zimene zimandipweteka n'zoti ife a kuno timazidziwa kale zimenezi. Angati a inu munayambira pa banjo ya chitini cha mafuta, zingwe zake mawaya a mabuleki a njinga? M'zaka za m'ma 1970, a WITCH, a Paul Ngozi ndi a Rikki Ililonga ankaimba ndi zida zimene zinapezeka, ndipo lero mbale zawo za Zamrock, rock ya ku Zambia, azungu akuzisakasaka. Ndiye mwana wa ku Matero akhale pansi n'kumati sindingaphunzire jazi mpaka nditapeza Gibson? Iyayi.

Ndisaiwale, makalasi athu a Loweruka m'mawa ku Kabwata akupitirira. Bwerani ndi gitala iliyonse, ngakhale ya khosi lopindika tidzaiona. Malaiti akapita timaimba choncho.

Chachisanu, nanga gitala yakale imapereka chiyani? Thupi lake ndi la mphako, choncho noti imatuluka yozungulira n'kufa msanga, ndipo zimenezo zimasiya mpata kuti noti yotsatira imveke bwino. Khosi logwiridwa zaka zambiri limakoma m'manja. Ndi zenizeni zimenezo, sindikana. Koma mbali yaikulu ya kulira kumeneko mungaipeze madzulo ano: ikani zingwe zosalala za flatwound, sankhani pickup (kotola mawu a zingwe) ya kufupi ndi khosi, tsitsani tone pang'ono, amplifaya ikhale yoyera popanda distortion.

Chachisanu ndi chimodzi, sankhani solo imodzi, mabala anayi okha. Iimbeni ndi pakamwa mpaka ikhazikike, kenaka muifunefune pa zingwe. Mukaipeza, isamutseni mu ki ina.

Mu makomenti lembani gitala yanu yoyamba inali yotani, ndipo amene wa chitini chake chinali choipitsitsa ndimutchula sabata yamawa. Vidiyo imene ikuoneka apa ndi ya ma octave a Wes, mmene amagwirira noti imodzi pa zingwe ziwiri n'kutseka chapakati. Konzekerani, chala chachikulu chidzatupa.