"Ndinaona ndi Maso Angawa": Kodi Maganizo Athu N'ngodalirika Bwanji?

[Woyankhula wayang'ana kamera]

Ndikudziwa, ena mwangomva mawu oti saikoloje, maganizo afika kale ku Zomba, mukuti lero tikamba za odwala misala. Dikirani kaye. Kuthandiza odwala maganizo ndi nthambi imodzi chabe ya phunziroli. Saikoloje imafufuza munthu aliyense: inuyo, ineyo, kondakitala wa minibasi, ngakhale abusa a kutchalitchi kwanu. Imafuna kudziwa chifukwa chake timaona zomwe timaona, timakumbukira zomwe timakumbukira, timachita zomwe timachita.

Mafunso amenewa si achilendo. Makolo athu ankawakambirana pabwalo kalekale, n'chifukwa chake miyambi yathu yadzaza nkhani za mtima wa munthu. Chatsopano chinabwera mu 1879, pomwe Wilhelm Wundt anatsegula labotale mumzinda wa Leipzig ku Germany. Iye anati m'malo mongotsutsana za maganizo, tiyeni tiziwayeza. Ankayeza zinthu ngati nthawi yomwe imadutsa kuchokera pomwe khutu lamva phokoso kufika pomwe chala chadina batani. Zooneka zazing'ono, koma ndi pomwe anthu ambiri amati saikoloje inayambira kukhala sayansi.

Ndiye atayamba kuyeza, anapeza chiyani? Anapeza kuti munthu sadzidziwa monga momwe amadzitamira.

[Pa sikirini: anthu akupatsirana mpira]

Mu 1999, Daniel Simons ndi Christopher Chabris, ali ku yunivesite ya Harvard ku America, anaonetsa anthu kanema waufupi. M'kanemamo muli anthu 6, atatu avala zoyera, atatu zakuda, akupatsirana mpira ndi manja. Ntchito ya woonera inali imodzi: kuwerenga kuti ovala zoyera apatsirana kangati. Masewero ali mkati, munthu wovala chovala chomuonetsa ngati gorila, nyani wamkulu uja, akulowa, kudutsa pakati pawo, n'kutuluka. Atafunsidwa, pafupifupi theka la oonerawo anati sanaone gorila aliyense. Ena atawabwerezera kanemayo ankakana kuti si yemweyo. Maso anali otsegula, koma ubongo unali utatanganidwa ndi kuwerenga. Muzikumbukira zimenezi mukaona dalaivala akuyankha foni uku akuti "msewu ndikuuona bwinobwino".

Chabwino, nanga zomwe mwaziona ndithu, zimasungika bwanji? Ambiri timaganiza kuti mutu uli ngati foni: wajambula, wasunga, ukafuna ungotsegula. Elizabeth Loftus ndi John Palmer anayesa zimenezi mu 1974. Ophunzira anaonera kanema wa ngozi ya galimoto. Ena 50 anafunsidwa liwiro la galimotozo pomwe "zinagundana", ena 50 pomwe "zinaphwanyana". Mafunsowo anali m'Chingerezi, koma kusiyana kwake kunali kotereku, liwu limodzi lokha. Patatha sabata, onse anafunsidwa ngati anaona magalasi osweka. Mwa omwe anamva "zinagundana", 7 anati eya. Mwa omwe anamva "zinaphwanyana", 16 anati eya. M'kanemamo munalibe galasi losweka ngakhale limodzi.

Anthu amenewa sankanama. Magalasiwo ankawaona ndithu m'mutu mwawo. Chikumbumtima chawo chinali choyera, chikumbukiro ndiye chinali chitasokedwanso ndi ulusi wa wofunsa. Ndiye mboni ikaimirira pabwalo la mfumu n'kunena kuti "ndinaona ndi maso angawa", itha kukhala yoona mtima, koma yolakwa. Funso loyenera n'lakuti: kuchokera tsiku lija, nkhaniyi waikambirana ndi ndani, ndipo anamufunsa motani?

Tsopano kafukufuku yemwe ineyo amandisowetsa tulo.

[Pa sikirini: mzere umodzi kumanzere, mizere itatu kumanja]

Taonani. Mzere wa kumanzerewu ukufanana kutalika ndi uti mwa itatuyi? Mwayankha kale. Ngakhale mwana wa sitandade 1 sangalephere. Solomon Asch, ku America, anafunsa funso lomweli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Anthu akamayankha ali okhaokha, zolakwika sizinkafika ngakhale 1 pa 100.

Koma Asch anali ndi chinyengo chake. Ankaika wophunzira m'chipinda limodzi ndi anthu ena angapo. Wophunzirayo ankaganiza kuti onsewo ndi anzake oyesedwa, osadziwa kuti anali atapangana kale ndi Asch. Mayankho ankaperekedwa mokweza, mmodzimmodzi, ndipo wophunzirayo ankayankha chakumapeto. Mafunso anali 18. Awiri oyamba onse ankayankha zoona. Pa lachitatu, woyamba akutchula mzere wolakwika, nkhope ili gwa. Wachiwiri, womwewo. Wachitatu, womwewo. Dziikeni pampando umenewo. Maso anu akukuuzani china, chipinda chonse chikunena china, ndipo tsopano onse akuyang'ana inu.

Pa mafunso 12 omwe gululo linkalakwitsa dala, pafupifupi yankho limodzi mwa atatu alionse linatsatira gulu. Anthu atatu mwa anayi anagonja kamodzi kapena kuposa apo. Kunalibe chikoti, kunalibe ndalama. Atafunsidwa pambuyo pake, ena anati yankho loona ankalidziwa, kungoti sanafune kuoneka osiyana ndi anzawo. Ena anati anayamba kukayikira maso awo omwe.

Pano ndiike mawu anga. Sindikuti kutsatira anzako n'koipa nthawi zonse. Mukafika kumaliro kudera lachilendo, mumayang'ana kaye momwe eni mudzi akukhalira, ndipo ndi nzeru imeneyo. Mu 1996, Rod Bond ndi Peter Smith anasonkhanitsa kafukufuku wa mtundu wa Asch wokwana 133 wochokera m'mayiko 17, n'kupeza kuti komwe anthu amalemekeza kwambiri umodzi, kugonjera gulu kumakhala kokulirapo. Ife amene tinakula ndi "mutu umodzi susenza denga" tisadabwe nazo. Vuto limabwera pomwe mitu yonse yasenza denga n'kumalowera nalo kuchitsime, aliyense akuona, aliyense ali chete poganiza kuti ndi yekha amene akuona. Munakhalapo pamsonkhano wa banki m'khonde, masamu akuoneka kuti sakugwirizana, koma tcheya atafunsa kuti "tonse tagwirizana?" nanu munagwedeza mutu? Chipinda cha Asch chija n'chimenecho.

Asch sanalekere pomwepo. Anasintha kanthu kamodzi: anauza mmodzi mwa anthu ake kuti iye azinena zoona. Gulu likadali lambiri, likadali lolakwa, koma tsopano wophunzira uja ali ndi mnzake mmodzi. Kugonja kunatsika kwambiri, kufika pafupifupi 5 pa 100. Chodabwitsa china, ngakhale munthu wotsutsayo akatchula mzere wina wolakwikanso, bola wasiyana ndi gulu, wophunzirayo ankalimba mtima n'kunena zomwe maso ake akuona.

Kenako Asch anauza mnzake uja kuti pakati pa mafunso atembenuke, ayambe kuvomereza gulu. Wophunzira yemwe anali atayankha molondola mafunso angapo motsatizana, atangoona kuti watsala yekha, anayambanso kutchula mzere wolakwika.