Mmene Kuthwanima kwa Ma Jet a Kuthambo Kumaululira Zomwe Zili M'kati Mwake

Zikomo abambo ndi amayi pobwera, makamaka inu a ku Diepsloot amene mwakwera ma taxi awiri.

Kunja kwa Johannesburg kuno, ku Hartebeesthoek, kuli dishi ya mamita 26 m'mimba mwake yomwe a NASA anamanga mu 1961. Si ya TV ayi. Imatchera khutu ku mafunde a wailesi ochokera pakati pa milalang'amba yakutali, komwe kumakhala black hole (malo okoka zinthu mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikungathaweko) yolemera kuposa dzuwa kuwirikiza mamiliyoni kapena mabiliyoni. Gasi akamagweramo, samezedwa yense. Wina amalavulidwa m'mizere iwiri yopyapyala, yothamanga pafupifupi liwiro la kuwala. Amenewo ndiwo ma jet. Yoyamba anaiona Heber Curtis mu 1918, mu mlalang'amba wa M87.

Tsinde la jet ndi laling'ono ndiponso lili kutali zedi, ndiye akatswiri amadalira wotchi. Gwirani mfundo iyi: chinthu sichingathwanime chonse mofulumira kuposa nthawi yomwe kuwala kumatenga kuchidutsa. Kuwala kwa dzuwa kumatifika pakatha mphindi 8. Choncho chowala n'kuzirala m'mphindi zochepa chiyenera kukhala chaching'ono kuposa mtunda wa pano ndi kudzuwa.

Tsono mu Julaye 2006, makina oonera kuthambo a H.E.S.S. ku Namibia anaona ma gamma ray (kuwala kwamphamvu zedi kosaoneka ndi maso) ochokera ku mlalang'amba wa PKS 2155-304 akukwera ndi kutsika m'mphindi zitatu kapena zisanu zokha. Anthu anagwira pakamwa, chifukwa black hole yolemera madzuwa biliyoni imodzi, kuwala kumafunika maola kuti kuidutse. Yankho lalikulu ndi lakuti jet imeneyo yalunjika kwa ife, ndipo ikuthamangira m'mbuyo mwa kuwala kwake komwe. Zochitika nthawi yaitali zimatifika zitapanikizana. Mwinanso ndi kachigawo kakang'ono chabe m'kati mwa jet kamene kakuwala. Apa akatswiri akadali pamtsutso, ndipo ine ndimaona kuti zonse ziwiri zingachitikire limodzi.

Nanga wailesi? Ma electron, tinthu ting'onoting'ono ta magetsi, akamazungulira m'mphamvu ya maginito amatulutsa mafunde a wailesi, ndipo ma electron omwewo akagunda kuwala kofooka amakusandutsa gamma ray. Komatu kutsinde kwadzaza kwambiri, mafunde a wailesi amamezedwa asanatuluke, ngati munthu woyenda mu utsi wa lupsa amene umamuona pokhapokha akafika poyera. N'chifukwa chake nthawi zambiri gamma ray amayamba kukwera, wailesi n'kutsatira pakatha masabata kapena miyezi. Kuchedwa kumeneko n'kumene akatswiri amawerengera nako mtunda wa pakati pa malo awiriwo m'kati mwa jet.

Chenjezo langa ndi ili: kukwera kwa gamma ray ndi kwa wailesi kungakumanizane mwangozi. Fermi, setilaiti yoona ma gamma ray yomwe inatumizidwa kuthambo mu 2008, imasesa thambo lonse maola atatu aliwonse, ndipo ma dishi ngati ya Hartebeesthoek amafunika kuyeza zaka zambiri, mpaka kuchedwako kubwerezabwereze.