Tikachulukitsa ma sequence awiri, limiti imathera pati?

Moni nonse. Lero tikujambulira kuno ku Mangochi, m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Amene mukulimbana ndi real analysis ku koleji, tengani pepala ndi cholembera.

Sequence ndi manambala ondondozana osatha, monga 1, 1/2, 1/3, 1/4, kumangopitirira. Nambala ya pa malo a n mu sequence timailemba aₙ. Timati aₙ ikulowera ku nambala a, yomwe timaitcha limiti, ngati zili chonchi: inu munditchulire kamtunda kalikonse ε, kachepe bwanji, ine ndikupezereni nambala N yoti kuyambira pamenepo mtunda wa pakati pa aₙ ndi a sufikanso pa ε. Onani bwato la asodzi ilo likubwera kudoko. Mutaika malire pamadzi pafupi ndi gombe, lidzalowa mkati mwa malirewo osatulukanso. Gwiritsitsani mawu oti osatulukanso. Sequence ya 1, −1, 1, −1 imafika pa 1 mobwerezabwereza koma n'kuchokaponso, choncho ilibe limiti. Augustin-Louis Cauchy wa ku France ndi mmodzi mwa amene anayala maziko a kaganizidwe kameneka, mu 1821.

Tsono aₙ ikulowera ku a, bₙ ikulowera ku b. Kodi aₙbₙ ilowera ku ab? Inde. Koma chifukwa chake n'chimene ndikufuna muchimvetse.

Yang'anani pa bolodi. Tichotsa aₙb, kenako n'kuibwezeranso:

aₙbₙ − ab = aₙ(bₙ − b) + b(aₙ − a)

Chigawo chachiwiricho sichivuta. Nambala b siisuntha, pomwe aₙ − a ikuchepera chepera. Choyambacho ndiye chofunika maso, chifukwa aₙ ikusinthasintha. Bwanji itamakula mofulumira kuposa mmene bₙ − b ikuchepera?

Sizingatheke, ndipo ambiri amadumpha pomwepa. Tengani ε = 1. Kuyambira pa N inayake, ma aₙ onse ali pafupi ndi a, mtunda wosafika 1. Otsala kumbuyoko ndi owerengeka, ndiye pali wamkulu pakati pawo. Motero pali nambala M yomwe |aₙ|, kutanthauza mtunda wa aₙ kuchokera pa 0, siidutsa. Tikapanikiza |bₙ − b| kukhala pansi pa ε/(2M), chigawo choyamba chikhala pansi pa ε/2. Chachiwiri, |aₙ − a| ikhale pansi pa ε/(2(|b| + 1)). Ka 1 kameneko musakaiwale, kakutiteteza kuti tisagawe ndi ziro ngati b ndi 0. Chigawo chilichonse chili ndi N wake. Pa ma N awiriwo tengani wamkuluyo, theka ndi theka zikwana ε. Basi.

Chotsanipo M muone. Sequence ya 1/n ikulowera ku 0, koma kuichulukitsa ndi n mupeza 1 nthawi zonse. Kuichulukitsa ndi n² mupeza n, yomwe imangokwera. Choncho musamalembe pa mayeso kuti "chopita ku ziro kuchulukitsa ndi chilichonse ndi ziro". Mnzakeyo ayenera kukhala ndi malire.

Lamuloli siliyendanso chobwerera. Chulukitsani (−1)ⁿ ndi (−1)ⁿ: mupeza 1, 1, 1, chonsecho onse awiri alibe limiti.

Yesani iyi musanaonere vidiyo yotsatira: sin n ilibe limiti, koma onetsani kuti (sin n)/n ikulowera ku 0. M wanu ndi nambala yanji?