Ana a mbewa ndi asilikali a m'thupi: nkhani yomwe idakambidwa pa msonkhano wa zaumoyo ku Kawale

Zikomo amfumu, zikomo a komiti ya zaumoyo, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kubwera pano. Amayi muli kumbuyoko, mawu akufika? Chabwino. Mwanayo musatuluke naye ayi, muloleni alire pomwepo, nkhani ya lero ndi yake yomwe.

Nditawauza amfumu kuti ndidzakamba za mbewa, adaseka, amvekere kodi mubweretsa zowamba? Pepani amfumu, si zija anyamata amatiimitsa nazo pamsewu wa ku Dedza zili pampani. Izi ndi mbewa zoweta, za m'malabotale, zomwe zimabadwira m'bokosi n'kufera m'bokosi momwemo. Koma zambiri zomwe timadziwa za chitetezo cha khanda tidaziphunzira kwa izo.

Dzina loti CD4 ambirife tidalimvera ku nkhani ya HIV. Munthu akapita kukayezetsa, abwerako akuti asilikali anga atsika, kapena akwera. Asilikali amenewo ndi maselo a m'magazi omwe madokotala amawatcha maselo a T othandiza. Kunena zoona dzina loti asilikali limasocheretsa pang'ono, chifukwa iwowa si amene amagwira chibonga. Taganizani za anyamata a neba usiku. Pali uja amayamba kuona wakuba n'kuimba wezulo, n'kumauza anzake kuti inu tsekani uku, inu dzutsani eni nyumba. CD4 ndi ameneyo. Amadzutsa maselo ena otchedwa B kuti apange ma antibody, tizida ta m'magazi tomwe timamatirira pa tizilombo, amalimbikitsa maselo omeza tizilombo kuti amalize zomwe ameza, amathandiza ndi maselo ena a T omwe ntchito yawo ndi kupha. N'chifukwa chake HIV ikagwetsa CD4 thupi lonse limasokonekera: alonda alipo ndithu, koma woimba wezulo palibe.

Tsono maselowa sabadwa odziwa ntchito. Gwirani pachifuwa panu apa, pafupa ili. Kuseri kwake, pamwamba pa mtima, pali kachiwalo kotchedwa thymus, ndipo T uja wachokera pa dzina limeneli. Kwa mwana n'kakakulu ndithu, koma munthu akatha msinkhu kamayamba kufota, mafuta n'kumalowa m'malo mwake, moti agogo anga muli apa katsala n'kochepa kwambiri. Maselo aang'ono amachokera m'mafuta a m'mafupa, kapena m'chiwindi pamene mwana akadali m'mimba, n'kukalowa m'kachiwaloka ngati ana a sukulu. Mayeso ake ndi awiri. Oyamba: kodi ukutha kuona zomwe maselo a thupi lino akukuonetsa? Wosaona amafa. Achiwiri: kodi ukaona mnofu wa mwini thupi ukulusa? Wolusa kwambiri amafanso. Oposa 90 pa 100 aliwonse amathera momwemo. Sukulu yotere ikadakhala kuno makolo tikadaitseketsa, koma otsalawo ndi amene amatisunga.

Nanga bwanji mbewa? Bere la mbewa limangotenga masiku pafupifupi 20. Kamwana kake kamabadwa kofiira, kopanda ubweya, maso ali otseka, kukula kwake ngati kachala kakang'ono aka. Khungu lake n'lopyapyala moti kakayamwa mumauona mkaka uli mbuu m'mimba. Maso kamatsegula pakatha pafupifupi sabata ziwiri, kuyamwa kamaleka pa sabata zitatu. Ndiye mfundo yake nayi: mwana wa munthu amayamba kupanga maselo a T mimba isanafike n'komwe pa theka, pamene kambewa kamabadwa kali ndi ochepa kwambiri kunja kwa thymus, ambiri amatuluka m'sabata yoyamba. Zomwe kwa ife zimachitikira m'mimba, mobisika, kwa mbewa zimachitika poyera, tsiku ndi tsiku, munthu akuona.

Mu 1961 ku England, dokotala wina wachinyamata, Jacques Miller, adachotsa thymus kwa tiana ta mbewa tongobadwa kumene. Nthawi imeneyo akatswiri ambiri ankati kachiwaloka n'kopanda ntchito, pakuti akakachotsa kwa mbewa yaikulu panalibe chooneka. Koma tiana tija tidayamba kuonda, kudwaladwala, ndipo atatisokerera khungu la mbewa ya mtundu wina thupi silidalikane monga limachitira nthawi zonse. Mbewa yaikulu ija idali itatulutsa kale ophunzira ake, kutseka sukulu sikudaipweteke msanga. Kakhanda n'komwe kadaulula chinsinsi.

Izi zisanachitike, mu 1953, Peter Medawar ndi anzake Rupert Billingham ndi Leslie Brent adaonetsa kuti mukabaya maselo a mbewa ina mwa kambewa kasanabadwe, kakakula kamalandira khungu la mbewa inayo ngati lake. Kenako zidaonekanso kuti n'chimodzimodzi kwa tongobadwa kumene. Kuchokera apo, kwa zaka zambiri, anthu ankangoti chitetezo cha khanda n'chosakhwima, chimavomera chilichonse. Ineyo mawu oti chosakhwima sindigwirizana nawo kwenikweni, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Mu 1986 Tim Mosmann ndi Robert Coffman, akufufuza pa mbewa zomwezi, adapeza kuti CD4 sali a mtundu umodzi. Ena, omwe adawatcha Th1, amaitanira nkhondo yolimbana ndi tizilombo tobisala m'kati mwa maselo, monga ka chifuwa chachikulu ndi mavairasi. Ena, a Th2, amaitanira nkhondo ya njoka za m'mimba, ndipo ndi omwewo amene akapyola muyezo amabweretsa mphumu ndi ziwengo. Selo likamatuluka mu thymus limakhala lisanasankhe mbali. Limasankha likakumana ndi mdani koyamba, malinga ndi uthenga womwe lalandira kwa selo lina lomwe lamugwira mdaniyo n'kubwera naye kudzamuonetsa.

Apa ndiye pagona nkhani. Ofufuza, mmodzi mwa iwo Becky Adkins wa ku Miami, adaona kuti CD4 a kambewa kakhanda amapendekera ku Th2. Komanso si aulesi ayi, amagawikana msanga ndi kutulutsa uthenga wa Th2 mofulumira kuposa a mbewa yaikulu. Chomwe chimasowa ndi uthenga wotchedwa IL-12, womwe umakankhira selo ku Th1. Maselo obweretsa mdani aja m'masiku oyambirira amatulutsa wochepa. Choncho kambewa kakabayidwa kanthu kachilendo, a Th1 amadzuka pang'ono, koma kanthu komweko kakabweranso kachiwiri a Th2 ndi amene amamveka kwambiri.

Ndiye mu 1996 magulu atatu a ofufuza adatulutsa zotsatira zawo pamodzi m'magazini ya Science, zonse zoloza kumodzi. Gulu lina lidachepetsa mlingo wa kachilombo komwe ankabaya tiana ta mbewa, ndipo tidalimbana nako bwinobwino. Gulu lina, la Polly Matzinger, lidagwiritsa ntchito maselo oyenera oonetsa mdani, tiana n'kuyankha ngati mbewa zazikulu. Lachitatu lidasintha mankhwala osakaniza ku jakisoni, yankho n'kusinthanso. Mwaona? Kale lija ankathira mulu waukulu wa zachilendo pa tiasilikali towerengeka, tikalephera n'kumati n'topusa. Mwana wa zaka zisanu mukamusenza thumba la makilogalamu 50 n'kugwa nalo, simunganene kuti alibe miyendo.

Eya, bambo a chipewa, mwakweza dzanja. Akufunsa kuti nanga chilengedwe chidalekeranji khanda lotere, osalipatsa ukali wonse tsiku lobadwa. Funso labwino. Taganizani zomwe khanda limakumana nazo m'sabata yoyamba. Lachoka m'mimba momwe lidali lotetezeka, pano mkaka, khungu la mayi, chitenje, fumbi la mu Lilongwe muno, ndi tizilombo tosawerengeka tomwe tikulowa m'matumbo mwake, tambiri mwa ito tabwino, tomwe lidzakhala nato moyo wonse. Likadati lililonse la izi liimbire wezulo ya nkhondo yaikulu, matumbo ndi mapapo zikadatupa, mphamvu zokulira n'kuthera pa ndewu. Ofufuza ambiri amaona kuti kufatsa kumeneku n'kwadala. Koma mtengo wake ulipo, ndipo ndi uja timauona kuchipatala: matenda omwe wamkulu angayende nawo, khanda amaligwetsa m'maola ochepa. Khanda likatentha thupi, likaleka kuyamwa kapena likamapuma mobanika, musadikire kuche.

Pali kanthu kena komwe ine kamandisangalatsa kuposa zonsezi. Mu 1969 ku Japan, ofufuza awiri, Nishizuka ndi Sakakura, adachotsa thymus kwa tiana ta mbewa osati tsiku lobadwa, koma tsiku lachitatu. Zomwe zidatuluka n'zosiyana kotheratu: mbewa zazikazi zitakula, mabasiketi a mazira adaonongeka. Pambuyo pake zidadziwika kuti ndi asilikali a mbewa yomweyo omwe adaukira thupi lawo, ndipo kwa mbewa zina ankaukira chifu kapena chithokomiro. Akadikira mpaka tsiku lachisanu ndi chiwiri, vutoli silinkaoneka. Masiku anayi okha! Shimon Sakaguchi adaikakamira nkhaniyi zaka zambiri, ndipo mu 1995 adaonetsa kuti pakati pa CD4 pali kagulu kena komwe ntchito yake ndi kuleretsa, kuuza anzawo kuti basi, uyu ndi mwini nyumba. Kwa mbewa, oleretsawa amayamba kutuluka mu thymus mochedwerapo, cha pa tsiku lachitatu. Mukatseka sukulu tsiku limenelo, omenya ena atuluka kale koma oleretsa sanakwane. Zili ngati maliro opanda amfumu, aliyense ndi mawu ake. Mu 2025 Sakaguchi adalandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Mary Brunkow ndi Fred Ramsdell chifukwa cha maselo amenewa.

Mayi a mwana wolira uja akuti, zonsezi n'za mbewa, nanga wanga uyu? Zoona mayi, mwana wanu si mbewa, ndipo amabadwa ali patsogolo kuposa kambewa. Kupendekera ku Th2 kuja kwa munthu sikukula ngati kwa mbewa, ngakhale nayenso a Th1 ake amadzuka movutikira. Koma onani kachipsera ka BCG, katemera wa chifuwa chachikulu uja, pamkono pakepo. Katemera ameneyo amabayidwa mwana akangobadwa, ndipo kafukufuku wa ku Gambia adaonetsa kuti makanda omwe alandira BCG amadzutsa a Th1 mofanana ndi akuluakulu. Ndi zomwe zija za 1996: ukaitana bwino, amayankha.

Akatemera ena maitanidwe ake ndi osiyana. Uja wa pa sabata 6, 10 ndi 14 timabwereza katatu chifukwa ulendo umodzi sukwanira kuti CD4 ndi maselo a B asunge nkhope ya mdani. Wa chikuku timadikira miyezi 9 chifukwa ma antibody omwe mwana adatenga kwa mayi ake ali m'mimba amatha kumugwira katemerayo asanagwire ntchito, ndiye timayembekeza kuti achepe kaye, n'kudzabwerezanso pa miyezi 15. Nayenso wa malungo, yemwe adayambira kuperekedwa m'dziko muno mu April 2019, amabwerezedwa kangapo. Masiku olembedwa m'buku la kusikelo aja sadangosankhidwa kuti akuvutitseni ndi ulendo, ndipo amene mwaphonyetsa musachite manyazi, paja mbewa ya manyazi idafera kuuna. Bwerani nalo bukulo, timapitiriza pomwe mudalekezera, sitiyambiranso.

Amfumu akundiloza wotchi. A zaumoyo ali pa tebulo apo pansi pa mtengo wa mango, amene mwabwera ndi mabuku a ana mudzere pomwepo akuonereni. Bambo a chipewa, funso lanu lachiwiri lija tikambirane uko, ndaliona dzanja.