Kubisa msoko pa chithunzi chobwerezabwereza

Moni nonse. Tayang'anitsitsani khoma la njerwa lili pa sikirinili. Likuoneka ngati chithunzi chimodzi chachikulu, eti? Si choncho ayi. Ndi kachithunzi ka mapixel (timadontho topanga chithunzi) 512 mbali zonse, kamene kayalidwa mobwerezabwereza ngati matailosi. Mukaika chithunzi kumbuyo kwa tsamba la webusaiti ndi lamulo la background-image, CSS, chilankhulo chokongoletsera masamba a webusaiti, imachibwereza yokha pokhapokha mutaiuza kuti no-repeat. Ubwino wake tsamba limatseguka msanga, poti foni ikukoka kafayilo kamodzi basi.

Chovuta ndi msoko. Mbali yakumanja ikapanda kugwirizana ndi yakumanzere, pokumana matailosi pamatuluka mzere woonekera patali.

Nayi njira yake. Mu Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi, pitani pa Filter, Other, kenako Offset. Lembani 256 m'mabokosi onse awiri, ndiye theka la 512, ndipo musankhe Wrap Around. Mwaona? M'mphepete monse mwabwera pakati, msoko uja wasanduka mtanda. Tengani Clone Stamp, chida chokopera mbali ina ya chithunzi n'kuipaka pena, muziufufuta pang'onopang'ono, mukutapa njerwa zabwino zapafupi. M'mphepete mwatsopanomo musakhudzemo, ndi mogwirizana kale. Amene muli ndi GIMP, pulogalamu ina yokonzera zithunzi, Offset ili pansi pa Layer, Transform. GIMP ilinso ndi Tile Seamless yochita zonsezi kamodzi n'kamodzi, koma ine pa njerwa sindiikhulupirira. Imangosakaniza mbali ziwirizo, njerwa n'kumaoneka ngati mizukwa. Pa mchenga kapena udzu ndiye imathandiza.

Tsono apa ndi pamene ambiri amaganiza kuti amaliza. Chepetsani chithunzicho kuti matailosi ambiri aonekere limodzi. Msoko wapita, inde, koma taonani kanjerwa kakuda aka. Kali apa, apa, apanso, kandanda ngati asilikali. Diso la munthu silichedwa kugwira chinthu chobwerera. Choncho chilichonse chodzionetsera, kaya banga, mng'alu kapena mfundo ya pathabwa, chichotseni. Kuwala nakonso kumaulula: ngati pojambula dzuwa linawala kwambiri mbali imodzi, tsamba lonse lidzakhala mizeremizere yowala ndi yakuda. Linganizani kuwalako musanayambe n'komwe za Offset. Kuyambira 2020 Photoshop ili ndi Pattern Preview pansi pa View, imene imakuonetsani matailosi onse uku mukukonza, ndiye simuvutikanso n'kuyesayesa.

Pali kanzeru kena kamene ndimakakonda, kochokera kwa nyenje. Ku North America kuli nyenje zimene zimakhala pansi panthaka zaka 13 kapena 17 zisanatuluke. Manambala amenewa sagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni, choncho zinthu zobwereza pa manambala osiyana otere zimachedwa kukumananso. Mu 2011 Alex Walker, wokonza mawebusaiti, anaonetsa kuti nzeru yomweyi imagwira pa webusaiti. Mumakonza zithunzi za PNG zitatu zoonekera mkati, china chotambalala mapixel 29, china 37, china 53, manambala osagawikanso ngati a nyenje aja, n'kuzisanjikiza. CSS imalola, mumangozilekanitsa ndi koma. Chilichonse chikubwereza pachokha, koma kuti zitatuzi zikumanenso pamene zinayambira pamafunika 29 kuchulukitsa ndi 37 kuchulukitsanso ndi 53, omwe ndi mapixel 56,869. Sikirini yotambalala choncho mulibe.

Ndazisanjikiza zitatuzo apa. Imitsani vidiyoyi, mufufuze pamene patani ikuyambiranso.